Mpingo ukasanduka landilodi: matchalitchi a anthu akuda ndi nkhani ya nyumba ku America

Mu Okutobala 2023, bwanamkubwa wa chigawo cha California, a Gavin Newsom, anasaina lamulo lotchedwa SB 4. Lamuloli limalola mipingo, mizikiti, masunagoge ndi sukulu za ukachenjede zosachita malonda kumanga nyumba za anthu opeza mochepa pamalo awo, popanda kuzunguliridwa m'misonkhano ya khonsolo imene imatha kuimitsa ntchito zaka zingapo. Womva nkhaniyi ali kuno, kapena m'bale wathu amene wangofika kumeneko, sangalephere kudabwa. Dziko lolemera chotere, anthu asowa bwanji pogona mpaka abusa ayambe kuyenda ndi mapulani a nyumba m'chikwama? Ndalama zake ndi za m'mbale ya chopereka? Nanga dzina loti "mipingo ya anthu akuda" limene limamveka kwambiri pa nkhaniyi, ndiye kuti kumeneko Mulungu ali ndi makomo awiri?

Mayankho ake ndi akale kwambiri kuposa lamulo la 2023. Ukaizukuta nkhaniyi umapeza kuti chopereka cha Lamlungu ndi kachigawo kakang'ono zedi ka ndalama zomangira. Zimene mpingo umabwera nazo pamgwirizano ndi malo, chikhulupiriro cha anthu a m'dera, ndi khamu loti n'kudzaza holo ya khonsolo tsiku la msonkhano. Zotsalazo zimachokera ku boma ndi ku mabanki, ndipo pamenepo ndi pamene pagona mikangano yambiri.

## Dzinali linachokera kuti

Si mpingo umodzi ayi. Ndi dzina lophatikiza mipingo imene anthu akuda a ku America anayambitsa okha ndipo amayendetsa okha: African Methodist Episcopal, imene ambiri amangoti AME, a Baptist a National Baptist Convention, Church of God in Christ ya chipentekoste, ndi ina yambiri. Gwero lake ndi tsankho. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1700, mutchalitchi cha Methodist cha St. George's ku Philadelphia, akhristu akuda anadzutsidwa ali chogwada pakati pa pemphero chifukwa anakhala pamalo amene azungu sankawafuna. Anatuluka. Mmodzi wa atsogoleri awo, Richard Allen, amene anabadwira mu ukapolo n'kudziwombola ndi thukuta lake, anatsegula tchalitchi cha Bethel mu 1794, ndipo mu 1816 mpingo wa AME unakhazikitsidwa. Poloti imene Allen anagula idakali m'manja mwa mpingowo mpaka lero.

Ukapolo utatha mu 1865, kwa zaka zambiri tchalitchi chinali chinyumba chokhacho chimene anthu akuda m'dera akanachiloza n'kunena kuti ichi n'chathu. Ana ankaphunzirira momwemo, bungwe lothandizana pamaliro linkakumana momwemo. M'busa, popeza malipiro ake ankachokera kwa nkhosa zake, ankatha kulankhula zimene mphunzitsi kapena wantchito wa pafakitale akanachotsedwa nazo ntchito m'mawa mwake. Tikati tifanizire ndi kwathu, ndi bwalo la amfumu, banki mkhonde ndi gulu la adzukulu zonse pansi pa denga limodzi.

Mipingoyi si yachilendo kwa ife. John Chilembwe anaphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, ndipo atabwerera mu 1900 n'kuyambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, thandizo linkachokera ku National Baptist Convention. AME nayo ndi imene inatsegulira Kamuzu Banda njira yopita kusukulu ku Wilberforce m'chigawo cha Ohio.

## Mzere wofiira

Kuyambira cha m'ma 1916 kufika 1970, anthu akuda pafupifupi 6 miliyoni anasamuka kumwera kwa America, kuthawa malamulo a tsankho ndi kukafuna ntchito ku Chicago, Detroit, New York, Philadelphia ndi Los Angeles. Atafika anapeza kuti sangakhale paliponse pamene afuna. Mapepala a nyumba zambiri anali ndi chiganizo choletsa kugulitsa kwa munthu wakuda, ndipo makhoti ankachilemekeza mpaka bwalo lalikulu la Supreme Court litawaletsa mu 1948.

M'zaka za m'ma 1930 boma linakhazikitsa mabungwe awiri, Home Owners' Loan Corporation mu 1933 ndi Federal Housing Administration mu 1934, kuti anthu wamba azipeza ngongole za nyumba zobweza pang'onopang'ono kwa zaka zambiri. Mapu a mizinda anapakidwa mitundu inayi: wobiriwira, wabuluu, wachikasu ndi wofiira. Wofiira unkatanthauza dera loopsa kubwereketsako ndalama, ndipo madera a anthu akuda pafupifupi onse anagwera mmenemo. Mawu akuti redlining anachokera pamenepa. Akatswiri a mbiri amakanganabe ngati mapuwo ndiwo anabala vutoli kapena anangojambula zimene mabanki ankachita kale. Chimene sakangana n'chakuti ngongole zotetezedwa ndi boma m'zaka zimenezo pafupifupi zonse zinapita kwa azungu.

Tiyerekeze banki italengeza kuti wokhala ku Ndirande sapatsidwa ngongole ya nyumba, kaya ali pantchito yabwino bwanji, pamene wa ku Namiwawa akungosaina n'kutenga. Pakatha zaka 30, ana a uyu ali ndi nyumba yoti agulitse kapena aike chikole, ana a uyo ali ndi chikwama cha malisiti a lendi.

Banki ikatseka chitseko, katapila amatsegula chake. Ku Chicago kunafala kugula nyumba pa kontirakiti. Munthu ankapereka dipoziti, n'kumalipira mwezi ndi mwezi, denga likadontha n'kukonza ndi ndalama zake, koma mapepala a nyumba ankakhala kwa wogulitsa mpaka ndalama yomaliza italowa. Kuphonya mwezi umodzi, munthu ankatha kutulutsidwa, zonse zimene walipira kulowa m'madzi, nyumbayo n'kugulitsidwanso kwa wina. Martin Luther King, m'busa wa Baptist, anakachita lendi m'nyumba yowonongeka ku North Lawndale mu 1966 kuti dziko lione mmene anthu ankakhalira. Lamulo loletsa tsankho pa nkhani za nyumba, Fair Housing Act, linasainidwa pa 11 Epulo 1968, patangotha sabata King ataphedwa. Koma mpata ulipobe: mabanja akuda pafupifupi 45 pa 100 ali ndi nyumba zawozawo, pamene kwa azungu ndi opitirira 70 pa 100.

## "Yofikirika" amatanthauza chiyani

Mawu akuti affordable housing ali ndi muyeso wake kumeneko. Nyumba imatengedwa kuti ndi ya mtengo wofikirika ngati lendi, magetsi ndi madzi pamodzi sizikudya zoposa 30 pa 100 ya zimene banja limapeza. Wolandira madola 3,000 pamwezi asalipire zoposa 900. Muyesowu unayamba ndi lamulo la 1969 limene linati okhala m'nyumba za boma asalipire zoposa 25 pa 100, ndipo mu 1981 anaukweza kufika 30. Pafupifupi theka la anthu a lendi m'dzikolo amalipira mopyola muyesowu. Mwa mabanja anayi oyenera kulandira thandizo la boma pa lendi, limodzi lokha ndi limene limalandira. Enawo amakhala pamndandanda, ena mpaka zaka.

Pali nambala ina imene imasokoneza ngakhale eni dziko. Unduna wa nyumba, umene amautcha HUD, chaka chilichonse umawerengera zimene banja la pakatikati limapeza m'dera lililonse. Nyumba zothandizidwa ndi boma zimamangidwa za anthu opeza 60 pa 100 ya nambalayo, zina 50, zina 30. Koma dera limene amawerengeralo ndi lalikulu: mzinda wonse pamodzi ndi madera a anthu olemera ouzungulira. Zili ngati kuika pamodzi malipiro a ku Area 10 ndi a ku Mgona, kupeza pakati, kenako n'kulengeza kuti nyumba yoyezedwa ndi pakatipo ndi yotchipa. Kwa wa ku Mgona ikhoza kukhalabe kumwamba. N'chifukwa chake womanga akabwera kudzafotokoza pulani pamsonkhano wa mpingo, dzanja loyamba kukwezedwa limakhala ndi funso lakuti: yofikirika kwa ndani?

## Kusonkherana

Njira yakale kwambiri ndi imene aliyense wa ife angaizindikire. Mu 1962, m'busa Leon Sullivan wa Zion Baptist Church ku Philadelphia anapempha akhristu ake kuti azisonkha madola 10 pamwezi kwa miyezi 36, ndipo dongosololi linatchedwa 10-36. Madola 360 pamunthu sangamange nyumba. Koma osonkha atachuluka, thumbalo linakula mokwanira kukopa ngongole zikuluzikulu, ndipo kunatuluka nyumba za lendi za Zion Gardens ndi masitolo a Progress Plaza amene anatsegulidwa mu 1968. Kusiyana kwake ndi chipereganyu n'kwakuti ndalama sizinkazungulira kwa mamembala. Zinkakhala pamodzi n'kugula katundu wa gulu lonse. Sullivan yemweyu ndi amene mu 1977 analemba mfundo zoti makampani a ku America ochita malonda ku South Africa azitsatira pa nthawi ya tsankho.

Boma nalo linali litatsegula khomo lake. Gawo la lamulo la 1959 lotchedwa Section 202 linalola mabungwe osafuna phindu kupeza ndalama za boma zomangira nyumba za okalamba, ndipo malamulo ena a m'ma 1960 anachita chimodzimodzi pa nyumba za mabanja. Wheat Street Baptist Church ya ku Atlanta, m'nthawi ya m'busa William Holmes Borders, inali m'gulu la mipingo yoyamba kulowa. Ku Queens mumzinda wa New York, Allen AME ya m'busa Floyd Flake inamangira okalamba nyumba mazanamazana. Mukaona chinyumba chosanjikizana cha okalamba pafupi ndi tchalitchi, dzina lake lofanana ndi la tchalitchicho, kawirikawiri chinadzera pakhomo limeneli.

## Nehemiya wa ku Brooklyn

Pofika 1980, madera a Brownsville ndi East New York ku Brooklyn, mbali ya mzinda wa New York, anali mabwinja. Eni nyumba ena anazithawa, zina zinapsa, mapoloti anadzaza zinyalala ndi njerwa zogumuka, ndipo ambiri anagwera m'manja mwa khonsolo chifukwa cha msonkho wosalipidwa. Mipingo ya m'deralo inapangana n'kuyambitsa East Brooklyn Congregations, mothandizidwa ndi Industrial Areas Foundation, bungwe lophunzitsa anthu wamba kuima pamodzi pokakamiza olamulira. Munali a Baptist, a Katolika, a Lutheran ndi a Episcopal; munali akuda komanso olankhula Chisipanishi. Mawu amene ankamveka kwambiri anali a m'busa Johnny Ray Youngblood wa St. Paul Community Baptist Church, ndipo bishopu wa Katolika wa ku Brooklyn, Francis Mugavero, anaima nawo ndi ndalama komanso dzina la dayosizi yake.

Sanayambire pa nyumba. Anayamba ndi tinthu ting'onoting'ono: kukakamiza khonsolo kubwezeretsa zikwangwani za mayina a misewu, ndi kuyendera masitolo amene ankagulitsa zakudya zowonongeka. Anthu amene anazolowera kugonja anafunika kulawa kaye kupambana.

Pulani ya nyumba anaipatsa dzina la Nehemiya, uja anamanganso linga la Yerusalemu. Mgwirizano wake unali wotere. Khonsolo ya New York, meya wake ali Ed Koch, ipereke mapoloti opanda kanthu aja, kuphatikizapo madola 10,000 pa nyumba iliyonse ngati ngongole yopanda chiwongoladzanja, yobweza nyumbayo ikadzagulitsidwa. Boma la chigawo lipereke kwa ogula ngongole za chiwongoladzanja chotsika. Mipingo ndi malikulu ake isonkhe thumba la madola mamiliyoni angapo lomangira, nalonso lopanda chiwongoladzanja, ndipo nyumba zikagulidwa ndalama zibwerere m'thumba kuti zikamange zina. Womanga wake, I. D. Robbins, anakakamira chinthu chimodzi: osamanga imodzi apa, ziwiri uko. Amange mdadada, nyumba zofanana mazana pamalo amodzi. Kumanga motero kumatsitsa mtengo wa khoma lililonse ndi paipi iliyonse, komanso dera lonse limasintha nkhope nthawi imodzi. Nyumba imodzi yatsopano pakati pa mabwinja imangomezedwa.

Zoyamba zinamangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980: tinyumba ta njerwa tosanjikiza kamodzi, kabwalo kutsogolo, mtengo wosafika madola 50,000. Ogula anali manesi, madalaivala a mabasi, antchito a ku positi, ambiri ochokera m'nyumba za boma zapafupi. Kufika lero zamangidwa zikwi zingapo, ndipo pamavuto a 2008, pamene mabanki analanda nyumba za anthu ochuluka m'dzikolo, za Nehemiya zolandidwa zinali zochepa kwambiri. Mipingo ya ku Baltimore, Philadelphia ndi Washington inatengera njirayi.

Odandaula analipo, ndipo madandaulo awo sanali opanda pake. Ena anati tinyumba tating'ono chotero tikuwononga malo mumzinda wofunika nyumba zosanjikizana. Ena anakumbutsa kuti mabanja amene anatsala m'mabwinja muja anasamutsidwa kuti mdadada udutse. Komanso wosaukitsitsa, wopanda ntchito yokhazikika, sakanatha kugula.

## Ndalama zenizeni zimachokera kuti

Masiku ano nyumba zambiri za lendi yotsika zimamangidwa kudzera mu Low-Income Housing Tax Credit, imene inabwera ndi lamulo la msonkho la 1986. Boma silipereka ndalama pamanja. Limapereka chiphaso chochotsera msonkho kwa zaka 10. Mpingo sulipira kale msonkho wotero, choncho chiphasocho pachokha sichiuthandiza; chimagulitsidwa kwa banki kapena kampani imene ili ndi msonkho wambiri. Bankiyo imapereka ndalama zomangira lero, n'kumadzichotsera pa msonkho wake chaka ndi chaka. Popeza gawo lalikulu la mtengo womangira lalipidwa motero, ngongole yotsala imachepa, ndipo lendi imatsika.

Chifanizo chapafupi ndi kuponi ya fetereza yopatsidwa kwa munthu wopanda munda, lamulo n'kumulola kuigulitsa kwa mlimi wa esiteti bola ndalamazo amangire nyumba anthu ovutika. Kwathu zotere n'zomangitsa munthu kupolisi. Kumeneko dongosolo analipanga dala kuti liziyenda choncho. Mabanki amakokedwanso ndi lamulo la 1977, Community Reinvestment Act, limene limawayeza ngati akubwereketsa ndalama m'madera a anthu opeza mochepa kumene amasungitsa ndalama zawo.

Chiphasocho chili ndi zingwe zake. Lendi iyenera kukhala yotsika kwa zaka 15 moyang'aniridwa kwambiri, ndipo kawirikawiri mpaka zaka 30. Chachiwiri, chimene chimadzidzimutsa akulu a mpingo akachimva koyamba: kuti banki ipindule ndi chiphasocho iyenera kukhala mwini nyumba papepala, nthawi zambiri 99.99 pa 100. Mpingo ndi kampani yomanga amatsala ndi kachidutswa, ngakhale ndi iwo oyendetsa zinthu tsiku ndi tsiku. Zimene zidzachitike zaka 15 zikatha, ndani adzagule gawo la banki ndipo pa mtengo wanji, zimadalira chiganizo chimene loya analemba kapena anaiwala kulemba pachiyambi.

Mpingo sumanga m'dzina lake. Umatsegula bungwe lapadera lachitukuko, limene kumeneko amalitchula mwachidule kuti CDC, kuti ngongole ikavuta asalande kachisi, komanso kuti ndalama za boma zisasakanikirane ndi chakhumi. Abyssinian Baptist Church ya ku Harlem mumzinda wa New York, imene inayamba mu 1808, inatsegula lake mu 1989 motsogozedwa ndi m'busa Calvin Butts. West Angeles Church of God in Christ ya ku Los Angeles inatero mu 1994. Iyi ndi mipingo ikuluikulu. Mpingo wa anthu 150 umapunthwa usanakumbe ndi maziko omwe, chifukwa maloya, ojambula mapulani ndi oyeza nthaka amafuna kulipidwa pachiyambi, ndipo ndalamazo zimatha kupita pachabe ngati pempho la chiphaso lakanidwa, pakuti opempha amachuluka kuposa ziphaso. Bungwe la Enterprise Community Partners lakhala likuphunzitsa ndi kuthandiza mipingo pa gawo lovutali kuyambira 2006.

## Malo oimikapo magalimoto

Pitani patchalitchi chakale cha anthu akuda pakati pa mzinda wa Washington kapena Seattle Lachiwiri masana. Geti ndi lotseka ndi tcheni, bwalo lalikulu la phula lili phee, udzu ukumera m'ming'alu. Tsidya la msewu, pamene panali okala ya tsitsi kapena sitolo ya zakudya, pali nyumba zatsopano za magalasi. Mubwerenso Lamlungu m'mawa: bwalo ladzaza, koma magalimoto ambiri achokera kutali.

Izi ndi zimene amatcha gentrification: anthu a ndalama akayamba kukonda dera limene kale ankalinyoza, lendi ndi msonkho wa malo zimakwera, eni dera n'kumachoka mmodzimmodzi. Mu 1970 anthu akuda anali 71 pa 100 mumzinda wa Washington. Lero sakwana theka. Ku Central District ya Seattle anali opitirira 70 pa 100, pano sakwana 20. Aliyense amene anaona mzinda wa Lilongwe ukumeza midzi youzungulira akudziwa mmene zimayendera: mapoloti akwera mtengo, ena agulitsa mokondwa, ena mokakamizika, pakatha zaka 10 pamudzipo patsala manda ndi tchalitchi.

Mpingo wotere umakhala ndi poloti ya madola mamiliyoni koma m'thumba muli mbee. Denga likudontha, makina otenthetsera m'nyengo yachisanu afa, opereka chakhumi akukalamba. Ina imagulitsa n'kutsatira nkhosa zake kunja kwa mzinda. Ina imasankha kumanga, ndipo njira yofala ndi kubwereketsa malo kwa womanga pa lizi ya zaka zambiri, mwina mpaka 99. Nyumba zogonamo zimakwera pamwamba, kachisi watsopano amakhala pansi, nthaka n'kukhalabe ya mpingo.

Chopinga chimakhala malamulo a khonsolo onena chimene chingamangidwe pati. Madera ambiri amalola nyumba ya banja limodzi lokha pa poloti, ndipo tchalitchi chimalamulidwa kusunga malo a magalimoto molingana ndi mipando yake. Kusintha zimenezi kumafuna misonkhano, ndipo kumisonkhanoko oyandikana nawo amakana, ena poopa kuchuluka kwa magalimoto, ena poopa anthu amene adzalowe. Okana otere anapatsidwa dzina loti NIMBY, chidule cha mawu otanthauza kuti "osati kuseri kwa nyumba yanga". Ku San Diego anthu a mipingo anayankha ndi lawo, YIGBY, kutanthauza "inde, kuseri kwa nyumba ya Mulungu", ndipo Bethel AME ya mumzindamo inali m'gulu la oyamba kuyesa. Chigawo cha Washington, kumene kuli mzinda wa Seattle, chinapereka lamulo lofewetsera mipingo zinthu mu 2019, California n'kubwera ndi SB 4 ija. Ofufuza a Terner Center ku yunivesite ya California ku Berkeley anawerengera kuti malo a zipembedzo ndi makoleji amene lamulolo lingakhudze ndi opitirira maekala 170,000. Si onse angamangidwepo. Nambalayo ikungoonetsa kukula kwa nthaka imene ili m'manja mwa opemphera.

## Nyumba yako, nthaka ya tonse

Pali njira ina imene mipingo ina ikuyesa, yotchedwa community land trust. Banja limagula nyumba, koma nthaka imakhala ya bungwe la m'dera, ndipo pogulitsa pali malire a phindu limene mwini angatenge, kuti wogula wotsatira nayenso aipeze yotsika mtengo. Ife sitingadabwe nazo, popeza munthu amamanga nyumba yake pamalo a amfumu. Yoyamba inali New Communities, imene inayamba mu 1969 kufupi ndi Albany m'chigawo cha Georgia, ndipo mmodzi wa oyambitsa anali m'busa wa Baptist Charles Sherrod pamodzi ndi akazi ake, a Shirley Sherrod. Anali ndi maekala opitirira 5,700. Malowo anatayika mu 1985 chilala chitawagwera, unduna wa zaulimi utawamana ngongole imene alimi achizungu ankalandira, ndipo chipukutamisozi chinabwera mu 2009. Oikonda njirayi amati imasunga dera kwa zidzukulu. Oikayikira amati anthu amene anamanidwa chuma cha nyumba kwa zaka zambiri sayenera kuikiridwanso malire pa phindu.

## Pamene chikhulupiriro chinagulitsidwa

Chimene chimapatsa mpingo mphamvu ndi chomwenso ena amachisirira. Mavuto a 2008 asanafike, ngongole za nyumba za chiwongoladzanja chokwera zinkagulitsidwa kwambiri m'madera a anthu akuda, ngakhale kwa oyenera ngongole zabwino. Pamlandu umene mzinda wa Baltimore unasumira banki ya Wells Fargo, amene ankagwirako ntchito analumbira kuti matchalitchi a anthu akuda anali ena mwa malo amene ankasakako makasitomala. Mu 2012 bankiyo inagwirizana ndi boma kulipira madola 175 miliyoni pa nkhani ya tsankho pobwereketsa, ngakhale sinavomere kulakwa.

Mabungwe a mipingo nawonso amakhumudwitsa anthu awo. Bungwe la Abyssinian, limene linatamandidwa pobweretsa sitolo yaikulu ya zakudya ya Pathmark pa msewu wa 125th Street ku Harlem, linagulitsa malowo kwa kampani yomanga mu 2014 litapanikizika pa ndalama, ndipo sitoloyo inatsekedwa chaka chotsatira. Ku New York lamulo limafuna kuti mpingo usagulitse malo ake popanda chilolezo cha khoti kapena cha mkulu wa zamalamulo m'chigawocho. Pali chifukwa chake: akulu a mpingo amene sanawerengepo kontirakiti ya masamba 200 amakhala patebulo limodzi ndi anthu amene amalemba makontirakiti otere sabata iliyonse.

## Zimene sizinayankhidwe

Funso lowawa kwambiri ndi lakuti adzalowe ndani. Nyumba yomangidwa ndi thandizo la boma iyenera kutsegulidwa kwa aliyense woyenera, ndipo ofuna akachuluka amachita maere. Mpingo sungasungire akhristu ake, ndipo lamulo la 1968 limene anthu akuda analimenyera ndi lomwelo limaletsa kusankha alendi potengera khungu. Mizinda ina yayesa njira zolambalala. Portland imaika patsogolo mabanja amene anasamutsidwa m'madera ena a mzindawo. New York inkasungira anthu a m'dera theka la nyumba zatsopano, koma ena anasuma kuti zimenezo zimalimbitsa kulekana kwa mitundu, ndipo mu 2024 anagwirizana zotsitsa gawolo kufika 20 pa 100. Kodi kusunga dera la anthu akuda ndi kuthetsa tsankho n'zoyendera limodzi nthawi zonse? Anthu a mbali imodzi yomweyo amayankha mosiyana.

Pali funso la kukula kwa vuto. Bungwe loona za nyumba za anthu opeza mochepa la National Low Income Housing Coalition limati dzikolo likuperewera nyumba pafupifupi 7 miliyoni za anthu osaukitsitsa a lendi, pamene mpingo umodzi umamanga 30, 60, mwina 100. Ena amati pang'onopang'ono ndi mtolo. Ena amaopa kuti andale adzaloza mipingo n'kusamba m'manja.

M'busa angathenso bwanji kudzudzula meya Lamlungu, pamene Lolemba akufuna siginecha yake pa poloti? Ndipo mlendi akalephera kulipira miyezi inayi, mpingo umene umalalikira chifundo udzamutulutsa? Ambiri amalemba kampani yoyendetsa nyumbazo kuti kalata yotulutsa isakhale ndi dzina la abusa, koma mlendiyo amadziwa mwini malo.

Palinso za mawa a mpingo weniweniwo. Kafukufuku wa Gallup anapeza kuti mu 2020 anthu a ku America olembedwa mumpingo, msunagoge kapena mumzikiti anatsika kufika 47 pa 100, koyamba kutsika pansi pa theka. Lizi ya zaka 99 ikhoza kukhalitsa kuposa mpingo umene unaisaina, ndipo m'mipingo ina malo si a akhristu a pamalopo koma a likulu. Akadzatseka kachisi, nthaka ija idzagwera kwa ndani?

Ndiye pali funso limene limatentha msonkhano wa mpingo kuposa onsewa. Gogo amene anasonkha nawo zaka 20 kuti bwalo la magalimoto ligulidwe, amene lendi inamuthamangitsira makilomita 40 kunja kwa mzinda koma saphonya Lamlungu, nyumba zikadzakwera pabwalopo adzaimika pati?